Opaleshoni ya Tizibowo ndi Odwala a pa Central: Tiyambire Pati?

Chipatala cha Kamuzu Central, chimene chili ku Area 33 pakati pa Old Town ndi City Centre, chinatsegulidwa mu 1977 ndipo chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a chigawo chapakati, kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Kasungu ndi ku Nkhotakota. Aliyense amene anakhalapo gadiyani wa munthu wong'ambidwa pamimba pa chipatalachi akudziwa mmene zimakhalira: bala lalitali lodutsa pa mchombo, masiku ambiri ogona pa wodi, mantha akuti balalo lichita mafinya, kenaka miyezi yosagwira khasu. Ndiye chifukwa chake nkhani ya opaleshoni yosang'amba kwambiri, imene madokotala amaitcha laparoscopy, ikukopa mitima ya anthu mu mzinda uno. Ife tikufuna kuona zimene kafukufuku wapeza pa nkhaniyi, ndi kufunsa ngati zimene tikuzilakalaka ndi zomwezo zimene odwala athu akuzisowa poyamba.

Njirayi ili motere. Dokotala amaboola tizibowo titatu kapena tinayi pamimba, kalikonse pafupifupi sentimita imodzi, ndi kupopera mkati mpweya wa carbon dioxide kuti khoma la mimba likwere ndi kupereka malo. Pa kabowo kamodzi amalowetsa kamera, pa tinato zipangizo zazitali zowonda, ndipo amagwira ntchito maso ali pa kanema. Kurt Semm wa ku Kiel anachotsa apendikisi mwa njirayi mu 1980, ndipo Erich Mühe, nayenso wa ku Germany, anachotsa ndulu mu 1985. Onse awiri ananyozedwa ndi madokotala anzao poyamba. Koma mu 2004 kafukufuku wa ku America wa odwala 872 a khansa ya m'matumbo akulu anaonetsa kuti khansa sinabwererenso kwambiri mwa ochitidwa opaleshoni ya tizibowo kuposa mwa ong'ambidwa, ndipo a tizibowo anatuluka m'chipatala msanga.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za maiko olemera. Koma mu 2018 gulu la madokotala lotchedwa GlobalSurg linafalitsa zotsatira za odwala apendikisi 4,546 a m'maiko 52, olemera ndi osauka omwe, ndipo linapeza kuti ngakhale m'maiko osauka ochitidwa opaleshoni ya tizibowo sanavutike kwambiri ndi mafinya a pabala. Apa m'pamene pali chinthu chowawa. Bwana wa ku Area 10 kapena Area 43 akang'ambidwa amakhala ndi tchuthi cholipidwa, inshulansi ndi galimoto yomutengera kukatsukitsa bala. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lizulu, mnyamata wa kabaza, kapena mlimi wa ku Mitundu amene wang'ambidwa mu Disembala mvula yodzalira itagwa, ameneyo ndiye amataya chakudya cha chaka chonse chifukwa cha bala lalitali, ndipo gadiyani wake nayenso wasiya munda. Bala laling'ono limapindulira wosauka koposa wolemera, komabe amene amalipeza ndi amene angathe kulipira chipatala cha pulaiveti kapena kukwera ndege ya ku India ndi ku Johannesburg.

Tikatero, yankho likuoneka ngati lapafupi: boma ligule makina. Koma walira mvula walira matope. Opaleshoni ya tizibowo imafuna magetsi osathima pakati pa ntchito, mabotolo a mpweya, katswiri wogonetsa wodwala tulo tofa nato, njira yodalirika yophera tizilombo pa zipangizo zosachedwa kuonongeka, ndi mmisiri wodziwa kukonza kamera ikafa. Zipangizo zambiri anazipanga kuti zigwire ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo zimagulidwa ndi madola. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Makina a mphatso amene amafika ndi nyimbo ndi kudula riboni, koma opanda ndalama ya zokonzera, amathera m'chipinda chosungira katundu atafunditsidwa nsalu. Palinso ngozi ya dzanja losazolowera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene njirayi inafala mothamanga ku America ndi ku Ulaya, chiwerengero cha odwala ovulazidwa njira ya ndulu chinakwera, chifukwa madokotala aluso pong'amba anali akadali ana asukulu pa kanema.

Kafukufuku wochitikira pa Central pomwe akutiuza chinthu china chofunika kuchimva. Mu 2011 panatuluka lipoti la odwala 190 amene anafika m'mimba mutalowa kale matenda oopsa, chifukwa cha apendikisi, matumbo opotana, kapena zilonda zoboola chifu ndi matumbo. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 15 anamwalira. Wodwala wotere, amene wayamba wazungulira ku golosale kugula mapanado, kwa sing'anga, ku chipatala chaching'ono ndi cha boma laling'ono asanafike ku Lilongwe, kawirikawiri chimene chingamupulumutse ndi kung'ambidwa mwachangu, magazi, madzi a m'diripi ndi namwino womuyang'anira usiku. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko 25 a mu Africa, amene anatsogoleredwa ndi Pulofesa Bruce Biccard wa ku Cape Town ndi kufalitsidwa mu 2018, anapeza kuti odwala a kuno, ngakhale anali achicheperepo, anali pa chiopsezo cha imfa kawiri kuposa avereji ya dziko lonse, ndipo ambiri anafera pa wodi patapita masiku opaleshoni itatha. Kamera siingathetse vuto limeneli.

Kwa ife, chida chosang'amba chimene Lilongwe akuchisowa koposa ndi china, chosatchuka kwambiri: endoscope, kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kumapeto, kamene kamalowa pakamwa n'kutsika kummero mpaka m'chifu popanda bala lililonse. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Lipoti la mu 2012 la odwala oposa 1,000 oyezedwa ndi kapaipika pa Central linaonetsa kuti nthenda yopezeka kwambiri inali khansa imeneyi, ndipo yotsatira inali mitsempha yotupa ya kummero. Mitsemphayi imatupa chiwindi chikaonongeka, kawirikawiri chifukwa cha likodzo la m'matumbo kapena matenda ena a chiwindi, ndipo ikaphulika munthu amasanza magazi mpaka kufa. Ndi kapaipi komweko dokotala angathe kumanga mitsemphayo ndi timphira ting'onoting'ono, wodwala n'kupulumuka.

Pa khansa ya kummero nkhani ndi yolemera. Dr Bongani Kaimila, Dr Gift Mulima ndi anzao anatsatira odwala a pa Central ndi a pa chipatala chathu cha St Gabriel ku Namitete, ndipo anapeza kuti theka la iwo linamwalira miyezi inayi isanakwane kuchokera pamene nthenda inadziwika. Amene anafika chaka anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Ambiri amabwera mochedwa, mmero utatsekeka moti ngakhale malovu sakutsika. Chimene chingachitike pamenepo ndi kuika kachubu ka waya kotchedwa stent, kamene kamafutukuka n'kutsegula njira. Madokotala a ku Zomba ndi ku Blantyre anaonetsa mu 2012 kuti zimenezi n'zotheka m'dziko muno. Stent sichiza khansa, koma munthu amamwanso phala ndi madzi, ndipo amabwerera kwao kukatsazikana ndi abale ali ndi ulemu wake. Ansembe ndi akatekisiti amene anapitapo ndi Ukaristia kwa wodwala wosatha kumeza akudziwa kuti chimenechi si chinthu chaching'ono.

Zonsezi zimabwerera pa maphunziro. Mu 2009 pa Central panayamba maphunziro a madokotala a opaleshoni mothandizana ndi University of North Carolina, chipatala cha Haukeland cha ku Norway, ndi sukulu ya ukachenjede ya madokotala ya ku Blantyre, pansi pa bungwe la COSECSA loona za maphunzirowa kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Ku Queen Elizabeth kunakhazikitsidwa malo ophunzitsira endoscopy mogwirizana ndi akatswiri a ku Liverpool, ndipo madokotala, makiliniko ofesa ndi anamwino a zipatala zina zazikulu anaphunzirako. Maziko alipo ndithu. Chotsala ndi kusankha kaphunzitsidwe koyenera, ndipo pano phunziro la ku Botswana n'lofunika kwa dziko lokonda mawekishopu ngati lathu. Madokotala a ku Toronto anachititsa kumeneko maphunziro a masiku atatu kwa anthu 20, pogwiritsa ntchito bokosi loyeserera momwe munthu amasuntha tizinthu, kudula ndi kusoka akuyang'ana pa kanema. Anakhoza mayeso anali awiri okha. Atasintha n'kumaphunzitsa sabata ndi sabata pa intaneti kwa milungu isanu ndi itatu, onse a gulu limenelo anakhoza. Ku Mongolia, kumene aphunzitsi ankabwerera chaka ndi chaka kuyambira cha m'ma 2005 ndi kuphunzitsa anamwino ndi amisiri omwe, pofika 2013 maopaleshoni a ndulu oposa theka ankachitika pa tizibowo. Luso la dzanja silimera m'masiku atatu a ku hotela ya kunyanja.

Palinso kuyesa kuchepetsa mtengo. Ku India Dr Jesudian Gnanaraj, mothandizana ndi University of Leeds, wakhala akuphunzitsa njira yokweza khoma la mimba ndi chitsulo m'malo mwa mpweya, imene ingatheke ndi jekeseni wa pamsana, ndipo ku Uganda akatswiri a Makerere ndi Duke apanga kamera yotsika mtengo yolumikiza ku laputopu. M'zipatala za m'maboma athu, kumene maopaleshoni ambiri amachitidwa ndi makiliniko ofesa, njira zotere n'zimene ziyenera kuyesedwa, ndipo zotsatira zake zilembedwe poyera.

Zipatala za mipingo pansi pa CHAM, monga Likuni, St Gabriel ndi Mtengowanthenga, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito ya umoyo m'dziko muno, choncho funsoli ndi lathunso. Wopereka mphatso akabwera ndi makina, mabodi a zipatalazi amufunse kuti adzaphunzitsa ndani ndipo kwa zaka zingati, adzakonza ndani, timphira ndi ma stent zidzagulidwa ndi ndalama yanji, ndipo wodwala wopanda ndalama adzalipira bwanji. Chipatala chilichonse chochita maopaleshoniwa chizilemba kuti achitika angati, angati anathera pong'amba, ndi angati anamwalira masiku 30 asanathe.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, amene amafika pa mphasa ya wodwala dokotala asanamuone, asunge zizindikiro izi: nsima kukakamira pakhosi kwa milungu ingapo munthu n'kumaonda, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, ndi mimba yotupa yowawa yosatulutsa mpweya kapena chimbudzi. Woyambayo apite ku chipatala sabata yomweyo ndipo akapemphe kuyezedwa kummero ndi kapaipi. Atatu enawo asagone pakhomo usiku umenewo.