Timu ikakuthawa usiku, wosakhulupirika ndani?

Pa 28 Malichi 1984, anthu a mumzinda wa Baltimore ku America anagona ali ndi timu. Kutacha anadzuka alibe. Malole a kampani yosamutsa katundu ya Mayflower anafika usiku pamalo pomwe timu ya Colts inkakonzekerera masewera, anyamata n'kupakira chilichonse: zisoti, majezi, zitsulo zolimbitsira thupi, mafayilo a mu ofesi. Mmene anthu ankatsegula mawailesi m'mawa, katundu yense anali pamsewu wa ku Indianapolis, mtunda wa makilomita oposa 900. Mwini timuyo, Robert Irsay, anachita phuma chifukwa aphungu a boma la Maryland anali mkati mokonza lamulo lopatsa mzindawo mphamvu yomulanda timu.

Pakati pa okonda mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira womwe amathamanga nawo m'manja atavala zisoti, palibe chitonzo chachikulu kuposa kuuzidwa kuti unasintha timu. Munthu wotero amamuona ngati woyendera mphepo, wongotsata kumene kukufuka utsi. Mwambo wake ndi wakuti timu imene bambo ako anakupatsa, kapena ya mzinda umene unabadwira, ndi yako mpaka kumanda, ipambane isapambane. Ine mwambowu ndimaulemekeza. Chondivuta n'chakuti umamanga mbali imodzi yokha. Wochemerera sayenera kusuntha, koma timu ikhoza kunyamuka tsiku lililonse.

Kwathu kuno zimenezi n'zachilendo. Maule anakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets. Manoma nawo asintha mayina kutengera amene akuthandiza timu ndi ndalama, kuchokera pa Yamaha, Limbe Leaf mpaka Be Forward. Mayina asintha, koma palibe sapota amene anadzukapo n'kumva kuti timu yake yapakiridwa mulole, tsopano ndi ya ku Mzuzu. Ku America ndi zotheka, chifukwa cha mmene ligi ya NFL inamangidwira. Muli matimu 32, palibe yotuluka muligi ngakhale igonje chaka chonse, ndipo palibe ya kumudzi imene ingakwere n'kulowamo chifukwa chosewera bwino. Mizinda yofuna timu ndi yambiri, matimu ndi ochepa. Choncho mwini timu akafuna bwalo latsopano amapita kwa akuluakulu a mzinda n'kunena kuti: timangireni ndi ndalama za misonkho, mukakana kuli ena akutidikira. Las Vegas inapereka madola 750 miliyoni a msonkho wa m'mahotela kuti itenge Raiders ya ku Oakland. Ndiye malonda ake amenewo.

Anthu a ku Baltimore sanatsatire Colts ku Indianapolis. Johnny Unitas, katswiri woponya mpira amene anatchukitsa timuyo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anakanitsitsa kukhala ndi mbali pa Colts yatsopanoyo mpaka imfa yake mu 2002. Gulu loimba malipenga la timuyo linakana kutha. Linapitiriza kuyeserera nyimbo, kuguba pa zionetsero ndi kuimba m'mabwalo a matimu a eni kwa zaka 12, lilibe timu yoiimbira. Tangoganizani bambo wamkulu akupukuta lipenga, kusita yunifomu, kutsanzika mkazi wake kuti ndikupita kokonzekera, pamene timu yomwe ankaiimbirayo ikusewera kumzinda wina. Kodi ameneyu ndi Irsay, wokhulupirika ndani?

Koma akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwambiwu umagwiranso ntchito chobwerera: amene analira dzulo akhoza kuliza mnzake lero. Pa 6 Novembala 1995, Art Modell, mwini wa Cleveland Browns, analengeza kuti akusamutsira timu yake ku Baltimore. Mzinda womwe unaberedwa unachiritsa bala lake potenga cha mnzake.

Cleveland sunali mzinda wa masapota ofooka. Kumbuyo kwa golo imodzi ya bwalo lawo lakale kunali chigawo chotchedwa Dawg Pound, komwe anthu ankavala zinyawu za nkhope ya galu, kuuwa ngati agalu enieni, ena n'kumaponya mabisiketi a agalu m'bwalo pofuna kusokoneza alendo. Pa masewera omaliza a pakhomo, pa 17 Disembala 1995, Browns inagonjetsa Cincinnati Bengals, koma panalibe wosangalala. Anthu anabwera ndi masipanala ndi masowo. Anamasula mipando yomwe akhala akukhalapo kwa zaka, ina kupita nayo kunyumba, ina kuiponya m'bwalo. Masewera atatha, osewera ena anapita kuchigawo chija kukakumbatirana ndi masapota, amuna a ndevu zawo akulira poyera.

Mzindawo unapita kukhoti, ndipo mgwirizano womwe unatuluka unali wodabwitsa. Modell anatenga osewera ndi antchito, n'kukayambitsa timu ya dzina latsopano, Baltimore Ravens. Dzina lakuti Browns, mitundu ya jezi ndi mbiri yonse zinatsala ku Cleveland kudikira timu ina, yomwe inayamba kusewera mu 1999. Apa ndiye pali funso lenileni. Sapota wa Browns wa mu 1996 akanatsata chiyani? Osewera omwe ankawadziwa mayina ndi nkhope anali ku Baltimore. Dzina ndi jezi zinali zotsekeredwa mukabati ku Cleveland. Ambiri anasankha kabatiyo. Anakhala zaka zitatu opanda timu, kenako n'kuonerera pa TV Ravens ikunyamula chikho cha Super Bowl mu Januwale 2001, chikho chomwe Browns sinachipikisanepo n'komwe pa ndime yomaliza.

Browns yatsopano inawalipira ndi misozi. Mu 2016 inapambana masewera amodzi okha pa 16. Mu 2017 inagonja onse 16. Ndiye mu Januwale 2018, kukuzizira koopsa, masapota oposa 2,000 anachita perete wozungulira bwalo la timu yawo, njira yake yojambula ziro, kudziseka okha ndi kunyoza eni timu, uku akusonkha chakudya ndi ndalama zothandizira osowa a mumzindamo. Kwa ine perete ameneyu akuonetsa chimene anthuwa amakhulupirika kwa icho. Si mwini timu, pakuti ankamunyoza. Si osewera, pakuti amasintha chaka ndi chaka. Ndi anzawo oyandikana nawo mipando, mzinda wawo, ndi Lamulungu masana lomwe akhala akuliwonongera limodzi kuyambira ali ana.

Mukaona choncho, kusintha timu sikukhalanso mlandu umodzi. Pali milandu itatu yosiyana, ndipo chilango chake sichingafanane.

Woyamba ndi wa munthu amene timu yamusiya. Rams inachoka ku Los Angeles kupita ku St. Louis mu 1995, inapambana Super Bowl mu Januwale 2000, kenako mwini wake Stan Kroenke anaibwezera ku Los Angeles mu 2016. St. Louis inasuma, ndipo mu 2021 ligi ndi Kroenke anavomera kulipira madola 790 miliyoni kuti nkhani ithere panja pa khoti. Ku San Diego anthu anakana pa voti ya mu Novembala 2016 kukweza msonkho wa m'mahotela kuti amangire Chargers bwalo. Patangotha miyezi iwiri timuyo inalengeza kuti ikupita ku Los Angeles, patatha zaka 56 ili mumzindawo, ndipo masapota anakataya majezi awo pakhomo pa maofesi a timu. Munthu wa ku St. Louis amene lero amachemerera Kansas City Chiefs, kapena wa ku San Diego amene anangousiyiratu mpirawu, ine sindimupeza wolakwa. Pangano linaphwanyidwa ndi mbali inayo. Nawonso masapota a Raiders amene anaitsata kuchoka ku Oakland kupita ku Los Angeles mu 1982, kubwerera ku Oakland mu 1995, mpaka ku Las Vegas mu 2020, sindiwaseka. Kwa iwo mudzi ndi jezi yakuda ija ndi anthu amene amaivala, kulikonse kumene angakumane.

Wachiwiri ndi wa munthu wotsata wosewera. Tom Brady anasewera zaka 20 ku New England Patriots n'kupambana nayo Super Bowl kasanu ndi kamodzi. Mu Malichi 2020 anapita ku Tampa Bay Buccaneers, ndipo anthu ambiri amene anakula akumuonera anagula jezi yatsopano ya nambala 12. Atanyamulanso chikho mu Febuluwale 2021, iwo anakondwa ngati ndi chawo. Awa sindingawatche achinyengo. Anangozindikira mochedwa kuti chimene ankakonda chinali munthu, osati timu. Koma ku Detroit anatisonyeza njira ina. Matthew Stafford anavutika zaka 12 ku Lions, timu ya mzindawo, osapambana kalikonse. Atapita ku Rams n'kupambana Super Bowl mu Febuluwale 2022, anthu a ku Detroit anamusangalalira ngati mwana wawo amene wapeza mwayi kutauni. Koma atabwera ndi Rams kudzasewera ndi Lions m'masewera a chipulula mu Januwale 2024, anthu omwewo anamukuwiza kuyambira polowa m'bwalo. Kumufunira zabwino anamufunira, koma jezi sanasinthe.

Wachitatu ndi uja wotsata chikho: dzulo Patriots, lero Chiefs, mawa adzaona poyera. Ameneyu ndiye amanyozedwa kwambiri, ndipo nthawi zina chitonzocho chimagwera osalakwa. Woimba Taylor Swift atayamba kupezeka pa masewera a Chiefs mu Seputembala 2023 chifukwa cha chibwenzi chake Travis Kelce, wosewera wa timuyo, atsikana ndi amayi ambiri anayamba kuonera mpirawu koyamba, ndipo akale ena anawalandira ndi mwano. Izi n'zopanda nzeru. Wobwera kumene sanathawe aliyense, ndipo tonse tinalowa pa khomo linalake: wina bambo, wina mtundu wa jezi, wina chibwenzi. Koma uja wodumphadumpha weniweni, ngakhale sanabe cha munthu, amadzimana yekha. Pa tsiku lija lomwe anakuwiza Stafford ku Detroit, Lions inapambana 24-23, kupambana kwake koyamba m'masewera a chipulula kuchokera mu Januwale 1992. Makamera anaonetsa akuluakulu a imvi akupukuta misozi. Anthu amenewa anadutsa mu 2008, chaka chimene timu yawo inagonja masewera onse 16. Chimwemwe chawo chinapangidwa ndi zaka 32 za kudikira, ndipo wogula jezi dzulo sangachilawe ngakhale atafuula kuposa onse.

Ndiye kodi ndikunena kuti kukakamira ndiye nzeru? Osati nthawi zonse. Kukhulupirika kopanda malire ndi chuma cha mwini timu. Amadziwa kuti akweze mtengo wa tikiti, anthu abwera. Agulitse chilolezo chongogulira mpando, tikiti yake padera, anthu alipira. Awopseze kuti asamuka, aphungu atsegula thumba la boma. Ku Buffalo, mzinda wa masapota amene anapirira kugonja pa Super Bowl kanayi motsatizana kuyambira 1991 mpaka 1994, boma la New York ndi dera la Erie analonjeza madola 850 miliyoni a anthu pa bwalo latsopano la Bills. Chikondi cha anthu wamba chimathera m'thumba la munthu amene ali kale ndi mabiliyoni.

Timu imodzi yokha muligi yonse ndi imene singathawe anthu ake. Green Bay Packers, ya m'katauni ka anthu ongopitirira pang'ono 100,000 ku Wisconsin, ilibe mwini mmodzi. Kuyambira 1923 ndi ya anthu ogula masheya, omwe tsopano ndi oposa theka la miliyoni. Masheyawo sapereka phindu la ndalama. Munthu amangopachika chikalata chake pakhoma n'kumapita kumsonkhano wa pachaka. Chipale chofewa chikakwirira mipando ya bwalo la Lambeau Field, timu inkaitana anthu, iwo n'kubwera kudzachichotsa ndi mafosholo. Mndandanda wa odikira matikiti a chaka chonse uli ndi mayina oposa 100,000, moti makolo amalembetsa makanda. Malamulo a NFL salolanso timu ina kukhala ya mtundu umenewu, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kumeneko kokha ndi kumene mawu akuti timu yathu ali oona mpaka papepala.

Kwina konseku sapota ayenera kukonda ali maso. Mu Febuluwale 2024 Chiefs inapambana Super Bowl kachiwiri motsatizana. Mu Epulo chaka chomwecho, anthu a m'dera la Jackson ku Missouri, komwe kuli bwalo la Arrowhead, anafunsidwa ngati angapitirize kulipira msonkho wothandizira mabwalo a Chiefs ndi timu ya baseball ya Royals. Anakana, akudziwa bwino kuti tsidya lina la malire, boma la Kansas likunyengerera matimuwo. Ena anati uku n'kusayamika. Ine ndikuti awa ndiwo masapota okhwima. Ndikanakhala wa kumeneko ndikanavota kuti ayi, Lamulungu n'kuvala jezi yanga yofiira kukachemerera mpaka mawu kusasa. Mtima ndingapereke ulere, koma wofuna msonkho wanga ayambe walemba papepala kuti iyenso sadzachoka.