Boma lisankhe mabelo pa Forbes, ife tisankhe zolimba ku Sakubva

Mu Ogasiti 2025 nduna yoona za maboma aang'ono, a Daniel Garwe, inalengeza ku Harare kuti kulowetsa m'dziko ndi kugulitsa zovala za kaunjika n'koletsedwa. Kwa anthu a mu Mutare mawuwa sanali achilendo. A Patrick Chinamasa, pamene anali nduna ya zachuma, anatseka khomo lomweli kuyambira pa 1 Sepitembala 2015. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, boma linanenanso kuti likhwimitsa chiletsocho. Zaka zoposa khumi zadutsa chilengezereni koyamba, koma ku msika wa Sakubva belo likudulidwabe zingwe m'mamawa, ndipo mwana wa ku Dangamvura, wa ku Chikanga ndi wa ku Hobhouse akupita ku tchalitchi atavala malaya ochokera momwemo.

Ife tikuti chiletsochi chaphonya mdani. Chimene chikusautsa mzinda wathu ndi chovala chosalimba, kaya chabwera m'belo kaya chapachikidwa chatsopano m'sitolo ya mumsewu wa Herbert Chitepo. Lamulo la boma ndi maso a wogula, zonse ziwiri ziyenera kufunsa funso limodzi: chovalachi chikhala nthawi yaitali bwanji pathupi pa munthu chisanasanduke chinyalala?

Njira ya belo aliyense akuidziwa, ngakhale amene amayerekeza kusaidziwa. Sitima zimatsitsa makontena padoko la Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera kuno. Ku Mozambique malondawa ndi ololedwa, choncho mabelo amagulitsidwa poyera ku Chimoio ndi ku Manica. Vuto limayambira pamalire, pa Machipanda. Popeza chipata cha Forbes n'chotseka kwa katunduyu, belo limakwera phiri. Anyamata amalisenza pamutu usiku m'tinjira ta m'malire, tina mwa ito todutsa kumene kunakwiriridwa mabomba pa nkhondo ya ufulu. Pamene pali wolondera pamagwa kangachepe, ndipo ndalama imene ikanalowa m'thumba la ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, imathera m'matumba a anthu. Choipitsitsa n'chakuti katundu wodzera m'tchire palibe amamuyang'ana. Palibe wofunsa ngati wapoperedwa mankhwala, palibe wotsegula kuti aone ngati m'katimo muli zovala kapena sanza. Chiletso sichinachepetse mabelo. Chinangochotsa maso a boma pa mabelowo.

Amene amasenza chiopsezo chonsechi ndi mayi wa pamsika. Iye watenga mpamba ku mukando, gulu losungitsana ndalama limene kwathu ku Malawi timalitcha banki m'khonde, n'kugula mtolo wa makilogalamu 45 umene sanauone m'kati. Akadula zingwe, mtolowo umafufuma ndipo fungo la mankhwala limatuluka. Manja a ogula oyambirira amakhala atazungulira kale. Iwo amatola zabwino: jinzi yokhuthala, malaya a thonje osasuluka, juzi ya ubweya imene mu Juni, chisanu chikamatsika ku Vumba, siigona pamulu. Mpamba wa mayiyo umabwerera pa zovala zoyambirirazi. Zotsatira zimatsika mtengo tsiku ndi tsiku mpaka kufika pa ziwiri pa dola. Kenako pansi pamatsala zimene palibe angazifune ngakhale mwaulere: tisheti yotanuka khosi, bulauzi yopyapyala yothetheka m'khwapa, thalauza ya zipi yakufa yothimbirira mafuta. Zimenezi mayi walipira, wazinyamulitsa kudutsa phiri, ndipo tsopano afune kozitaya. Zina zimawotchedwa madzulo kuseri kwa msika, utsi wake wonunkha pulasitiki n'kulowa m'nyumba za anthu. Zina zimagwera m'ngalande, mvula ikagwa zimatseka njira ya madzi kapena kutsetserekera mumtsinje wa Sakubva.

Muluwo wa pansi ndi umene uyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa gwero lake lili kutali ndipo likukula. Bungwe la Ellen MacArthur Foundation linalemba mu 2017 kuti zovala zopangidwa padziko lonse zinawirikiza kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, pamene nthawi imene munthu amavala chovala chimodzi asanachitaye inachepa. Linanenanso kuti pa nsalu zonse zogwiritsidwa ntchito, zosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 ndi zimene zimabwezedwa kukapanga zovala zatsopano. Makampani monga Shein ndi Temu akugulitsa pa intaneti zovala zotchipa zosokedwa mothamanga kuti zivalidwe kangapo chabe. Ulusi woposa theka wa nsalu zonse za padziko lero ndi poliyesita, amene ndi pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi. Sawola. Munthu wa ku London kapena ku Toronto akatopa nacho chovala chotero amachiponya m'bokosi la zachifundo mtima uli mbee, koma ulendo wake umathera kuno. Ku msika wa Kantamanto mumzinda wa Accra ku Ghana, bungwe la The Or Foundation limawerengera kuti kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni sabata iliyonse, ndipo pafupifupi magawo 40 mwa 100 amatuluka pamsikapo ngati zinyalala, zina mpaka kukaunjikana m'mphepete mwa nyanja. Mutare sanafike pamenepo, koma mabelo athu amachokera m'nkhokwe zomwezo.

Kutchipa kwa zovalazi kuli ndi amene amakulipira. Pa 24 Epulo 2013 nyumba ya mafakitale ya Rana Plaza, pafupi ndi Dhaka ku Bangladesh, inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo amayi ndi atsikana osoka zovala za masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma mabwana anawalamula kulowa. Amayi amenewo ndi anzawo a amayi a ku Sakubva: onse ali kumapeto kwa chingwe chimodzi, ndipo phindu lili pakati.

Nduna zikaletsa kaunjika zimati zikuteteza mafakitale a m'dziko. Cholingacho timachilemekeza, chifukwa mzinda uno ukudziwa ululu wa fakitale yotsekedwa. Karina Textiles inalemba ntchito anthu ambiri a mu Mutare, lero kulibe. Cone Textiles ku Chitungwiza inagwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo David Whitehead ya ku Chegutu ndi Kadoma inatha zaka zambiri ili chigonere asanaipezere eni atsopano. Abale athu ku Malawi anaona David Whitehead ya ku Blantyre ikugulitsidwa mu 2003, ndipo a ku Zambia anaona makina a Mulungushi Textiles ku Kabwe akuzima. Koma tisanamizane kuti belo lokha ndi limene linagwetsa zonsezi. Ndondomeko ya zachuma ya ESAP ya mu 1991 inatsegula malire mafakitale asanakonzeke. Kenako kunabwera kukwera mitengo kosaneneka kwa mu 2008, kuzimazima kwa magetsi, kusowa kwa ndalama zakunja zogulira zipangizo, ndi makina okalamba. Thonje nalo linatsika: dziko linakolola matani oposa 300,000 mu 2012, koma pofika 2016 zokolola sizinafike ngakhale matani 40,000. Ndipo thonje lochepa limene mlimi wa ku Gokwe kapena ku Checheche amalima, lochuluka limatuluka m'dziko lisanapotedwe ulusi.

Tsono mukachotsa belo lero, mayi wa ana anayi amene amapeza madola ochepa patsiku akagula kuti? Fakitale yoti imuvekere ana pa mtengo umene angakwanitse kulibe. Adzalowa m'sitolo ya zovala zatsopano zotchipa zochokera kunja, zonyezimira pawindo, zimene zikachapidwa katatu msoko umamasuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamenepo dziko silinapulumutse ntchito ngakhale imodzi, ndipo zinyalala zawonjezeka, chifukwa malaya abwino a kaunjika akanamuvekera mwanayo zaka ziwiri n'kusiyira mng'ono wake. Chovala chimene chavalidwa kale n'kuvalidwanso ndi chimene chimapeputsa katundu wa chilengedwe, popeza sichifuna munda watsopano wa thonje kapena madzi ena. Akatswiri amati tisheti imodzi ya thonje imamwa malita pafupifupi 2,700 kuchokera kumunda mpaka kusitolo. Anthu a ku Sakubva akhala akuchita chinthu chanzeru chimenechi kwa zaka zambiri, ndipo sayenera kuthamangitsidwa nacho ngati akuba.

Chimene tikupempha boma ndi ichi. Belo lidzere pachipata cha Forbes masana, ndi ziphaso, lilipire msonkho umene wamalonda wamng'ono angaupirire kotero kuti kukwera phiri kusakhalenso kopindulitsa. Pachipatapo pakhale osankha. Woitanitsa aonetse umboni wakuti katundu wapoperedwa mankhwala, mabelo ena atsegulidwe, ndipo amene apezeke odzaza sanza abwezedwe pa ndalama za mwini wake. Muyeso womwewo ugwire zovala zatsopano zolowa m'dziko. Kusankha kotere si kwachilendo kuno: mu 2011, a Tendai Biti ali nduna ya zachuma, boma linaletsa zovala zam'kati zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo chifukwa chake aliyense anachimva. Rwanda inasankha njira ya msonkho mu 2016, kukweza kuchokera pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala mopanda msonkho pansi pa lamulo la malonda la AGOA. Ife sitikuti tikwere mpaka pamenepo. Tikungosonyeza kuti msonkho ndi chingwe chimene boma lingakoke kapena kumasula molingana ndi mmene mafakitale akudzukira, pamene chiletso chimangosiya zonse m'manja mwa ozembetsa. Gawo la msonkhowo lipite ku khonsolo ya Mutare kuti imange mashedi ndi kutolera nsalu zotsala zisanawotchedwe.

Kwa inu owerenga athu, mbali yanu ndi yaikulu kuposa mmene mungaganizire, ndipo siifuna kudikira nduna. Mukagwira chovala pamulu, chitembenuzeni kaye. Onani msoko wa m'khwapa ndi wa pakati pa miyendo, kokani pang'ono muone ngati ulusi ukutseguka. Yang'anitsani nsaluyo kudzuwa. Ngati dzanja likuonekera kuseri, siikhalitsa. Werengani kansalu ka m'khosi kapena ka m'mbali kuti mudziwe ngati ndi thonje, ubweya kapena poliyesita. Kwezani zipi ndi kuitsitsa. Ndipo muwerengere bwino ndalama zanu: thalauza ya madola asanu imene muivale zaka zitatu ndi yotchipa kuposa zitatu za dola imodzi imodzi zimene sizifika Khrisimasi. Ziwiri pa dola ndi msampha pamene mumafuna chimodzi chokha.

Pali chizolowezi china chimene chatilowerera, ndipo tichitchule poyera. Ukwati uliwonse ukufuna nsalu yakeyake, phwando lililonse mtundu wake wa zovala, msonkhano uliwonse tisheti yodindidwa tsiku ndi chaka, ndipo atsikana ena akuopa kuoneka kawiri pa Facebook kapena pa WhatsApp atavala diresi lomwelo. Zovala za tsiku limodzi zimenezi zadzaza m'masutikesi pansi pa mabedi, pamene ngongole yake ikadalipo. Makomiti a maukwati ndi magulu a amayi a m'matchalitchi angathe kusintha izi mosavuta: asankhe nsalu imene munthu angaivalenso Lamlungu lotsatira, kapena angonena mtundu n'kulola aliyense kubwera ndi chimene ali nacho kale.

Kenako pali telala, munthu amene nkhani yonseyi imamudutsa ngati kulibe. Makolo athu amene anachokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata kudzagwira ntchito m'migodi ya Penhalonga, panjanji ndi m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley, ena mwa iwo anadyetsa mabanja ndi makina opalasa ndi phazi pakhonde la sitolo. Iwo ankatembenuza kolala yothetheka kuti malaya ayambirenso moyo, ankadula thalauza ya bambo n'kutulutsamo kabudula wa mwana, ankaika chigamba pabondo mosamala moti umachita kuyang'anitsitsa kuti uchione. Luso limeneli likadalipo m'misika yathu, ndipo belo lenilenilo limalipatsa ntchito: diresi lalikulu lichepetsedwe, jinzi ifupikitsidwe, zipi isinthidwe. Dola imene mwapatsa telala imatsala mu Mutare, n'kukagula tomato ku Sakubva Musika. Masukulu nawo aganizirepo. Yunifolomu ndi chovala chimene mwana aliyense ayenera kukhala nacho chaka ndi chaka, ndipo palibe chifukwa chokakamizira makolo kugula ku sitolo imodzi pamene matelala a m'dera lomwelo angasoke molingana ndi muyeso wa sukulu, ndi mpendero wokwanira kuti siketi idzatalikitsidwe mwana akakula.

Ndiye khonsolo ikamakonza malo a malonda ku Sakubva, ipatule mzere wa matelala pafupi ndi ogulitsa mabelo, pokhala denga, magetsi ndi lendi yotsika, kuti wogula achoke pamulu n'kupita molunjika pa makina. Pambali pake pakhale chipinda cholandirira nsalu zotsala, kumene magulu a amayi ndi achinyamata ophunzira kusoka angatengeko zopangira zikwama, zopondera pakhomo, mapilo ndi zofunda za zigamba. Makhansala a m'madera a Sakubva akapereke pempholi ku msonkhano wa bajeti ya mzinda, ndipo ogulitsa mabelo ndi matelala aitanidwe kudzanena okha malo amene akufuna ndi lendi imene angakwanitse.