Kanema sakumba ngalande

Abale anga a m'makomboni ndi inu alimi, andale anazindikira kale kuti kanema angathe kumanga munthu kapena kumugwetsa. Ku America, Donald Trump anayamba kuonekera pa The Apprentice mu 2004, akucotsa anthu nchito monga bwana wosalakwa. Mu 2016 anasankhidwa kutsogolera dziko.

Kuno kwathu, mu 2011, ZNBC inali kuonetsa Stand Up for Zambia ya Chanda Chimba III, yonyoza a Michael Sata. Koma a Sata anapambana masankho a caka comweco. Ndiye kuti wovota angathe kukana zimene kanema amuuza.

Masiku ano wandale amafika ku Kanyama ndi omujambula, nagwira fosholo mphindi zisanu, napatsa agogo thumba la unga, basi wapita. Zimene wojambula wadula sitiziona. Kolera imene inadzaza odwala mu Heroes Stadium mu 2024 sinaope zithunzi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musanavote dzifunseni: ngalande inakumbidwa? Madzi akutuluka pa mpopi? Fataleza anafika mvula isanagwe? Mayankho ake ali pakhomo panu ndi m'munda mwanu.