Asanafomate kompyuta, mwini ayambe wafunsa

Paboma la Ntcheu, pa Lizulu ngakhale pa Kampepuza sipasowa mnyamata wa kashopu koika nyimbo m'mafoni yemwe amakonzanso makompyuta. Laputopu ikayamba kuchedwa, mankhwala ake amakhala amodzi: ifomatidwe, aikemo Windows ina. Makolo ambiri amangovomera osadziwa chomwe chichitike.

Ntchitoyi imayenda motere. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yomwe kale inkabwera pa CD, amayamba aiika pafulashi ya 8GB kapena kuposera apo pogwiritsa ntchito kapulogalamu monga Rufus. Akabaya fulashiyo, poyatsa amadina batani monga F12 pa Dell kapena F9 pa HP kuti makinawo ayambire pafulashi. Kenaka kompyuta imafunsa malo oikapo pulogalamuyo. Apa ndiye pagona nkhani. Wokonzayo akasankha kufufuta disiki, zonse zimapita: zithunzi za ukwati, mndandanda wa ngongole za geni ya mbatata ya kachewere, ngakhalenso ntchito yomwe mwana wa kukoleji wavutikira chaka chonse.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwini kompyuta ali ndi ufulu wofunsa, ndipo wokonza wachilungamo sangakwiye nazo.

Choyamba, aonetsetse ndi maso ake kuti zonse zofunika zakopedwa pafulashi ina ntchito isanayambe. Aganizirenso za magetsi. Malaputopu ambiri a kaunjika mabatire ake adafa, ndipo magetsi akathima ntchito ili mkati, kompyuta imatha kukana kuyaka mpaka zonse ziyambidwenso.

Chachiwiri, afunse mtundu wa Windows ndi komwe yachokera. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 lidatha pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komwe makina akale ambiri alibe. Windows yokuba nayo ili ndi mavuto ake. Imaphwanya lamulo la Copyright la 2016, ndipo timapulogalamu toikakamiza kuti igwire ntchito nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi otha kuba manambala achinsinsi a kubanki.

Chachitatu, adziwe kuti njira ina ilipo. Ubuntu, yomwe adaiyambitsa mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndi yaulere ndipo kuikopa n'kugawana ndi ena n'kololedwa. Chimodzimodzi Linux Mint, yomwe imayenda bwino pamakina okalamba. Ubwino wake munthu angathe kuiyesa kuchokera pafulashi pomwepo osafufuta kanthu, n'kuiika pokhapokha wakhutira.

Ena anena kuti m'maofesi muli Windows, choncho mwana azolowere yomweyo. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo amene angakwanitse kugula Windows yeniyeni pamakina oyenera agule. Koma wofuna kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama angathandizike ndi LibreOffice, yomwe imatsekula mafailo a Word ndi Excel.

Sukulu za sekondale za m'boma la Ntcheu zomwe zimaphunzitsa Computer Studies zingachite bwino kuonetsa ophunzira kapangidwe ka fulashi yotereyi ndi kasungidwe ka mafailo. Banja lomwe lidagulitsa mbuzi kuti ligule laputopu lisataye zonse chifukwa cha batani limodzi lodinidwa mopupuluma.