Musanakwere ndege ndi mwana, funsani za kasosedwe

Sabata ino ndicheze nanu makolo amene muli ndi mwana wodwala sickle cell kapena khansa ya m'magazi, ndipo mwamva kuti ku India kapena ku South Africa madokotala angathe kumuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wake. Ndi zoona, njirayi imachiritsa. Mwana woyamba kuchira sickle cell mwa njira imeneyi adathandizidwa mu 1983 ku Memphis, m'dziko la America. Koma ambirinu mukamasonkha ndalama mumangoganiza za tsiku loika mafutawo, chonsecho nkhani yaikulu yagona pa masiku angapo tsikulo lisanafike.

Mlimi sadzala asanasose. Madokotala nawonso amayamba asosa m'thupi mwa wodwala ndi mankhwala amphamvu monga busulfan, fludarabine ndi cyclophosphamide, nthawi zina n'kuwonjezapo radiation. Iwo amati conditioning. Cholinga n'kuchotsa mafuta akale komanso kufooketsa asilikali a m'thupi kuti asathamangitse mlendo akubwerayo.

Vuto lake nali. Mafuta atsopanowo amabwera ndi asilikali awo. Kusosa kukakhala kwa mphamvu kwambiri kumasupula m'matumbo, zinthu za tizilombo ta m'mimba n'kumalowa m'magazi, thupi lonse n'kukhala ngati mudzi umene mwalira mfuwu. Asilikali achilendo aja akafika n'kupeza chipwirikiti chotere, amayesa mwini thupi ndi mdani ndipo amayamba kumuthira nkhondo. Matenda amenewa ndiwo GVHD. Amagwira khungu, matumbo ndi chiwindi, kawirikawiri m'masiku 100 oyambirira. Akakhalitsa amaumitsa maso ndi m'kamwa, khungu n'kulimba, ndipo ena amamwalira nawo.

Mwina mufunsa, nanga bwanji osangososa pang'ono? Njira imeneyonso ilipo. Mu 2009 madokotala a bungwe la NIH ku America adalengeza za akuluakulu 10 odwala sickle cell amene adawasosa mopepuka ndi mankhwala a alemtuzumab ndi radiation yochepa. Mwa 9 mafuta atsopano adagwira, ndipo palibe adadwala GVHD. Komabe kusosa mopepuka kuli ndi minga yake. Thupi litha kukana mafutawo matenda n'kubwerera, ndipo kwa wa khansa, khansayo itha kuphukiranso. Ngakhale GVHD imene itha kubwerabe, mwina mochedwerapo.

Woperekayo nayenso ndi nkhani. M'bale wa bambo ndi mayi mmodzi ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana ndi wodwala, ndipo akafanana, ana a sickle cell oposa 90 mwa 100 aliwonse amapulumuka. Inu bambo kapena mayi mumafanana ndi mwana wanu theka lokha. Kale zimenezi zinali zoopsa zedi, koma madokotala a ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore adapeza kuti kupereka cyclophosphamide pa tsiku lachitatu ndi lachinayi mafuta ataikidwa kumapha asilikali olusa aja. Lero makolo ambiri akupereka okha kwa ana awo.

Tsono abale anga, safunsa adadya phula. Musanagulitse munda kapena galimoto, khalani pansi ndi dokotala nonse awiri, bambo ndi mayi. Funsani kuti adzasosa mwamphamvu kapena mopepuka, nanga bwanji asankha njirayo kwa mwana wanuyo. Funsani mankhwala amene adzapereke poteteza GVHD, ndiponso ngati mungadzawapeze mukabwerera kwanu, poti ena monga cyclosporine amamwedwa miyezi yambiri.

Musachite manyazi kufunsanso za kubereka. Busulfan ndi radiation yambiri zitha kuumitsa munthu. Mnyamata wotha msinkhu angathe kusungitsa umuna, mtsikana mazira, koma izi zimachitika kusosa kusanayambe. Mukadzakumbuka mwana atafika pa banja, madzi adzakhala atatayika kale.

Mukabwera kunyumba, maso akhale pa mwana. Zidzolo zofiira m'manja kapena kuphazi, kutsegula m'mimba kosalekeza, maso achikasu, thupi kutentha, zonsezi si za mankhwala a pagolosale kapena zitsamba za kwa agogo. Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ndi mapepala onse a kunja kuja. Ndipo musamusiyitse mankhwala chifukwa choti akuoneka wathanzi, pakuti mankhwalawo ndiwo akugwira mkono asilikali achilendo aja kufikira atazolowera mudzi.

Pomaliza, mwana akadwala GVHD, chonde musalozane chala m'banjamo, ndipo musanene m'bale amene adapereka uja kuti magazi ake ndi oipa. Iye adapereka mwachikondi, ndipo ngakhale ofanana bwino zimawachitikira.

Tidzachezenso Lamulungu likudzali.