ZA UMOYO M'MIDZI: UDZUDZU UKWERA BASI YA KU JONI

Sabata ino tikamba za malungo ogwira anthu m'maiko amene nthendayi kulibe. Musati nkhaniyi ndi ya Azungu okha. Ikhudza banja lililonse la muno mu Ntcheu limene lili ndi mwana ku Joni.

Inu a ku Tsangano ndi ku Lizulu mudziwa kuti kumtunda kozizira udzudzu uchepa, pamene kuchigwa kwa Bwanje, kumene kuli minda ya mpunga ndi madzi oima, uchuluka. Mzinda wa Johannesburg nawonso uli pamtunda wozizira. Ku South Africa malungo apezeka m'zigwa za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, koma mu Johannesburg mulibe. Tsono nthawi zina madokotala a kumeneko alandira munthu wodwala malungo amene sanatulukepo mu mzindawo. Nanga wawatenga kuti?

Malungo ayenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi udzudzu weniweniwo. Basi ya ku Joni ikachoka kuno idutsa ku Tete, m'chigwa chotentha cha Zambezi, ndipo ipitirira ku Harare mpaka ku Beitbridge. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anofelesi, umene unamwa kale magazi a wodwala, ulowa m'basimo nubisala pansi pa mipando, m'mabulangete kapena m'zikwama. Katundu akatsitsidwa, udzudzu utuluka ndi njala nuluma munthu wa pafupi. Anthu a kumeneko awatcha malungo a m'minibasi kapena a m'sutikesi. Kuopsa kwake ndi uku: dokotala akamva kuti wodwalayo sanayende ulendo, saganiza za malungo. Ayesa ndi chimfine, masiku napita, tizilombo tichuluka m'magazi, ndipo ena afa ndi nthenda imene ikadachizika msanga.

Njira yachiwiri ndi magazi a munthu wa paulendo. Dziko la America linathetsa malungo mu 1951, koma udzudzu wa Anofelesi unatsala. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 2,000 afika nawo malungo kuchokera kunja. Mu 2023 anthu 10 anadwala malungo osatuluka m'dzikomo: 7 ku Florida, ndipo mmodzi mmodzi ku Texas, Maryland ndi Arkansas. Zotere zinali zitachitika komaliza mu 2003. Udzudzu wa komweko unaluma munthu wobwera ndi tizilombo, nukapatsira ena. Ngati zichitika m'dziko la zipatala zazikulu chotero, palibe dziko limene lingagone tulo.

Tsono inu makolo, mwana wanu akamanga katundu wa ku Joni, muuzeni izi. Ngati amva mutu, kuzizidwa kapena kuphwanya m'thupi, ayambe wapita ku chipatala kukabayitsa chala kuti amuyeze. Akampatsa mankhwala a LA, amene Boma linayamba kupereka mu 2007, amwe m'mawa ndi madzulo kwa masiku 3 mpaka athe. Kusiya mankhwala chifukwa thupi lazizira ndiko kunyamula tizilombo kupita nato kwa eni ake. Mabulangete ndi zovala azikutumule asanatseke chikwama, ndipo akafika achite chimodzimodzi panja, atapopera mankhwala a udzudzu.

Tizilombo ta malungo tibisala m'chiwindi sabata imodzi kapena kupitirira munthu asanamve kanthu. Chotero munthu angachoke kuno ali bwinobwino nakadwalira ku Joni. Akatentha thupi asagule mapilitsi a mutu n'kugona m'chipinda. Apite kwa dokotala nanene poyera kuti wachokera ku Malawi ndipo wadutsa ku Mozambique. Ena abisa kwawo poopa za makalata a ulendo. Auzeni kuti chiphaso chikatha chikonzedwa, koma maliro ochokera ku Joni agulitsa ng'ombe za banja lonse.

Palinso mawu kwa amene abwera kudzadya Khirisimasi kumudzi. Ife okhala kuno tilumidwa kawirikawiri, ndipo thupi lizolowera kulimbana ndi tizilomboto. Munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo, mphamvu imeneyi ichepa. Ana obadwira ku Joni ndiye alibe ngakhale pang'ono. Iwo afika mu December, mvula itayamba ndi udzudzu utaswana m'zithaphwi. Agogo, musachite manyazi kupachika neti pa mphasa ya mlendo ngakhale wabwera ndi galimoto. Mdzukulu akatentha thupi, muthamange naye ku chipatala tsiku lomwelo. Akulu anati safunsa anadya phula.

Inu odziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhaniyi pa bwalo la mfumu ndi ku msika, ndipo mukamayankhula ndi ana anu a ku Joni pa lamya, auzeni zimene mwamva. Sabata yamawa tikamba za kukwirira maenje a njerwa mvula isanagwe.