Wofuna kukhala ofisala wa asilikali zaka zitapita

M'mipingo yathu muli amuna ndi akazi amene anamaliza maphunziro kalekale, ena ndi aphunzitsi, anamwino kapena akalaliki a m'maofesi, koma mtima wawo ukadali pa yunifolomu ya Malawi Defence Force. Akamva kuti asilikali akulemba anthu, tulo timawathawa. Ena mwa iwo amachita manyazi kufunsa abusa, poopa kuuzidwa kuti mfuti ndi Baibulo sizigonera nyumba imodzi.

Mantha amenewo achoke. Asilikali atapita kwa Yohane Mbatizi, pa Luka 3:14, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa, nawalangiza kukhutira ndi malipiro awo. Korneliyo wa pa Machitidwe 10 anali mkulu wa asilikali pamene Petro analowa m'nyumba mwake. Chotsala ndi chakuti munthu wamkulu alowera khomo liti.

Khomo lodziwika ndi la ukadeti, la maphunziro a maofisala monga amene amachitikira ku MAFCO ku Salima. Khomo limeneli linamangidwira achinyamata, ndipo chilengezo chilichonse chimatchula malire a zaka. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mayesero. Wachibale amanong'oneza kuti chaka chobadwa chikhoza kukonzedwa, wina pamsika amati ali ndi mnzake ku likulu amene angathandize mutapereka kangachepe. Kuyambira kalembera wa chiphaso cha unzika wa 2017, zaka za munthu zinalembedwa poyera, ndipo ambiri mwa olonjeza malo aja ndi akathyali ongofuna ndalama. Koma ngakhale bodzalo litadutsa, ofisala ndi munthu amene mawu ake amatumiza ana a eni kumalo oopsa. Woyamba ntchito yotere ndi pepala labodza adzalanga bwanji msilikali wonama?

Kwa amene ali ndi luso kale, ine ndikuona kuti njira yoyenera ndi yolowa ngati katswiri. Gulu lankhondo limafuna madokotala, anamwino, maloya, mainjiniya, ngakhalenso abusa otumikira asilikali. Kumeneko zaka zimene munatha m'chipatala kapena m'khoti zimasanduka chuma. Mudzathamangabe, mudzagubabe padzuwa, ndipo sajeni wamng'ono kwa inu adzakukalipirani pamaso pa anzanu. Munthu amene anazolowera kutchedwa bwana adzifunse moona mtima ngati angathe kumeza zimenezo.

Ilipo njira ina, yoyamba ngati msilikali wamba ndi kukwera pang'onopang'ono. Ndi yolemekezeka, koma ndi yaitali, ndipo nayonso ili ndi malire a zaka. Wochedwa kuyamba asaiwerengere kwambiri.

Chachikulu chimene chimasiyanitsa munthu wamkulu ndi mnyamata wongochoka kusukulu ndi banja. Lamulo la Mose, pa Deuteronomo 20, linkabweza kwawo munthu womanga nyumba yatsopano, wodzala mpesa umene sanadyeko, ndi wotomera mkazi. Malembo anadziwa kuti moyo wa munthu wotere suli wake yekha. Mu November 2018 asilikali 6 a dziko lino anaphedwa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo, ali pa ntchito ya United Nations. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 anapatsidwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne atamwalira kale. Mu January 2025 enanso atatu anaphedwa kum'mawa kwa dziko lomwelo. Maliro onsewa anafikira m'makomo enieni.

Choncho musanatumize kalata, khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, ndipo muwauze zonse: miyezi ya maphunziro popanda kuonana, kusamutsidwa kuchoka ku Cobbe Barracks ku Zomba kupita ku Moyale ku Mzuzu ana ali pakati pa sukulu, malipiro amene mwina angachepe poyerekeza ndi amene mukulandira. Pitaninso kuchipatala akakuyezeni mtima, maso ndi mawondo ntchito yanu yakale musanaisiye. Ngati mnzanu wa m'banja wakana atamva zonsezi, musathamangire kwa abusa kuti akamukakamize, pakuti pangano munapanga naye linayamba ndilo.